Bambo Anga Sadali "Stubborn"

Pali liwu limodzi la Chingerezi limene ndakhala nalo chakukhosi kwa zaka zoposa 40. Liwulo ndi lakuti "stubborn". Musaganize kuti ndimadana ndi chiyankhulo cha eni ake ayi. Chingerezi ndachiphunzitsa kusekondale mpaka imvi mbuu, ndipo ndi chimene chalera ana anga. Chimene chimandiwawa ndi mmene ife Amalawi timaligwiritsira ntchito liwuli: molakwika, mwaulesi, ndipo kawirikawiri mopondereza anzathu. Ndikudziwa kuti ena mwa inu mwayamba kale kung'ung'udza kuti iyi ndi nkhani ya choko ndi bolodi, yosayenera kuthera inki m'buku la alembi. Tadekhani. Ndiyambe ndakuuzani kumene ndidakumana nalo liwuli, kenaka mundiweruze.

Chidali chaka cha 1981, ine ndili Sitandade 8. Bambo anga adali tenanti pa esiteti ina ya fodya ku Kasungu. Tidachokera kummwera monga matenanti ambiri a nthawiyo, kuthawa kuchepa kwa malo olima. Masiku amenewo mlimi wamng'ono sankaloledwa kulima fodya wa burley pamunda pake. Mwayi umenewo udali wa maesiteti okha mpaka mu 1990 pamene boma lidayamba kumasula chingwe. Choncho wosauka wofuna ndalama ya fodya ankayenera kukagwada kwa mwini esiteti. Mwini esitetiyo ankakupatsa malo, mbewu, feteleza ndi phoso la chimanga, zonse pangongole. Iwe ndi banja lako munkafesa nazale, kuwokera, kupalira, kuthyola, kusoka ndi kuyanika m'chigafa. Pakutha pa chaka fodyayo unkagulitsa kwa bwana yemweyo, pa sikelo yake, pa mtengo wake, giredi n'kutchulanso iye. Akachotsa ngongole, chotsala ndiye chako, ngati chilipo.

Bambo sadapite kusukulu koma kuwerengera ankakudziwa. Tsiku lililonse lolandira phoso ankatenga khala n'kulemba kamzere pa mzati wa chigafa, ndowa imodzi kamzere kamodzi. Itafika nthawi yowerengera, buku la kalaliki lidaonetsa ndowa zambiri kuposa timizere ta pamzati paja. Bambo adapempha mwaulemu, chipewa chili m'manja, kuti kalaliki apite nawo kuchigafa akawerengere limodzi. Kalaliki adakana. Adangowalozera poti adinde chala. Bambo nawo adakana kudinda. Masiku atatu adabwerera kuofesi kuja ndi pempho lomwelo, osakweza mawu, osatukwana munthu. Tsiku lachinayi kapitawo adabwera ndi envulopu natiuza kuti timange akatundu.

Madzulo ake Bambo adandiitana pakhonde.

"Iwe, tawerenga apa. Akuti chiyani?"

Kalatayo idali yaifupi. Chiganizo chake chomaliza chidali chakuti, "This tenant is very stubborn." Ndidatafuna lilime.

"Akuti inuyo Bambo ndinu amakani."

"Makani ake ati? Kuwerenga ndowa ndi makani?"

Ndidangoti kakasi, yankho ndidalibe. Kalata imene ikadawatsegulira khomo pa esiteti ina idali yowatsekera makomo onse, pakuti ndi bwana uti akadalandira tenanti wobwera ndi chizindikiro chotere? Bambo adaiyang'ana kanthawi, adaing'amba bwinobwino, napichira chingambwe. Chaka chomwecho, m'boma lomwelo, ku Mtunthama kudatsegulidwa Kamuzu Academy kumene ana ankaphunzira Chilatini ndi Chigiriki, ziyankhulo zimene mudachokera mawu ambiri a Chingerezi. Koma Chingerezi chimene chidafika kuchigafa chathu chidali cha liwu limodzi, ndipo lidabwera ngati chikwapu.

Tsono tiyeni titsegule dikishonale. Liwu lakuti "stubborn" ndi mfotokozi. Limanena za munthu amene akukana kusintha maganizo kapena machitidwe ake ngakhale wapatsidwa zifukwa zomveka zoti asinthe. Gwiritsitsani mbali yomalizayo: ngakhale wapatsidwa zifukwa zomveka. Popanda zifukwazo liwuli lilibe mwendo woimira. Mukalemba kuti munthu ndi "stubborn", mukunena zinthu ziwiri nthawi imodzi. Choyamba, munthuyo wakana. Chachiwiri, inu kapena wina mudamufotokozera choona ndipo iye adatseka makutu. Nanga Bambo anga adapatsidwa chifukwa chanji? Ndani adawaonetsa pamene timizere tawo tidaphonya? Palibe. Amene adakana kuona umboni adali kalaliki. Ngati mu ofesi muja mudali munthu woyenera liwulo, ndi yemwe adagwira cholembera uja. Galamala ya chiganizo chake idali yosalala, mneni ali pamalo pake, koma chiganizocho chidali bodza. Ichi ndi chimene aphunzitsi anzanga ambiri sachiona: Chingerezi cholondola sichithera pa galamala. Liwu likhoza kukhala pamalo oyenera m'chiganizo koma pamutu pa munthu wolakwika.

Tamverani mmene timaliponyera liwuli tsiku ndi tsiku. Mwana akayankha mayi ake mwachipongwe, akuti ndi "stubborn". Ayi, ameneyo ndi "rude", wamwano. Mwana akamasokosera m'kalasi, kutsina anzake ndi kubisa choko, akuti ndi "stubborn". Ayi, ameneyo ndi "naughty", wopulupudza. Akatumidwa kumadzi iye n'kupita kumpira, akuti ndi "stubborn". Ameneyo ndi "disobedient", wosamvera. Ndipo akafunsa funso limene wamkulu alibe yankho lake, akutinso ndi "stubborn", pamene mwanayo ndi wanzeru chabe. Anthu anayi osiyana tawaveka malaya amodzi.

Chomvetsa chisoni n'chakuti m'Chichewa sitichita ulesi wotere. Agogo anu amene sadaone khomo la sukulu amadziwa kuti wamakani ndi amene amakonda kutsutsa, waliuma ndi amene sagonja ngakhale waona kuti walakwa, nkhutukumve ndi amene malangizo amalowera khutu ili n'kutulukira linalo, ndipo wamwano ndi amene pakamwa pake palibe ulemu. Amadziwanso kuti kuuma mutu, kuuma khosi ndi kuuma mtima ndi matenda atatu osiyana, ndi kuti kulimba mtima si matenda konse. Munthu wakhama samutcha waliuma. Nanga bwanji ife ophunzira, tikangovala tayi n'kuyamba kulemba Chingerezi, nzeru zonsezi timazisiya pakhomo ngati nsapato zamatope?

Si kuti Chingerezi ndi chosauka. Nachonso chili ndi nkhokwe yake. Pali "adamant", liwu limene atolankhani athu amalikonda zedi. Lidachokera ku liwu la Chigiriki lakuti "adamas", kutanthauza chinthu chosagonjetseka, ndipo ndi tsinde lomwelo limene lidabala "diamond", mwala wolimba uja. Munthu amakhala "adamant" pa nkhani imodzi imene waimapo nji. Si khalidwe lake la masiku onse, ndipo liwuli palokha silinena kuti munthuyo akulakwa. Limatsatidwa ndi "that" kapena "about". Zolemba kuti "adamant to" zija n'zolakwika. Bambo anga adali "adamant that" ndowa ziwerengedwenso. Liwu lowayenera lidali limeneli.

Pali "obstinate", lochokera ku Chilatini, limene ndi mbale wake wa "stubborn" koma lodzudzula kwambiri. Pali "intransigent", limene lidalowa m'Chingerezi kuchokera ku Spain m'zaka za m'ma 1870, kumene lidali dzina la andale ena okana kukumana pakati ndi anzawo. Limayenera pa zokambirana, pamene mbali imodzi ikukana kusuntha ngakhale phazi limodzi. Palinso "recalcitrant", limene mkati mwake muli liwu la Chilatini lakuti "calx", chidendene. Chithunzi chake ndi cha bulu kapena hatchi yoponya mwendo m'mbuyo pokana woiyendetsa. Aliyense amene adayendetsapo ngolo m'misewu ya fumbi ya kwa Santhe kapena ku Chamama akuchidziwa chithunzichi. Choncho musanamutche munthu "recalcitrant", dziwani kuti mwamuika iye pagoli, inu mwadzipatsa mkwapulo.

Tsidya linalo kuli mawu oyamikira khalidwe lomwelo lokana kusuntha: "firm", "determined", "resolute", "steadfast", "persistent". Apa ndi pamene pagona nkhani yanga. Mu 1948 katswiri wa nzeru zakuya wa ku Britain, Bertrand Russell, adaseka mchitidwewu pa wailesi ya BBC. Adaonetsa kuti pa khalidwe limodzimodzi munthu amadzitcha yekha "firm", amene akuyankhula naye amamutcha "obstinate", ndipo wachitatu yemwe palibe amamutcha "pig-headed". Kwa Russell chosiyanitsa chidali chakuti ndani akuyankhula. Kuno kwathu ndaona kuti chosiyanitsa ndi chakuti ndani ali ndi mphamvu. Bwana akakana ndi "firm". Wantchito akakana ndi "stubborn". Mwamuna akakana ndi "determined". Mkazi wake akakana ndi "stubborn". Liwuli limayenda ngati madzi: nthawi zonse limatsetserekera kumunsi.

Pitani ku okushoni mukaone. Kangapo konse malonda a fodya adaimitsidwapo ku Kanengo ngakhalenso ku Chinkhoma konkuno ku Kasungu, alimi atakana mitengo. Pa belo limodzi pamaima anthu awiri okana: wogula akukana kukweza, mlimi akukana kugulitsa. Koma mverani mmene ophunzira amaikambira nkhaniyo m'mabasi ndi m'maofesi. Kukana kwa wogula amakutcha mphamvu za msika, ngati kuti ndi mvula yogwa yokha kuchokera kumwamba. Kukana kwa mlimi ndiye kumapatsidwa dzina la khalidwe loipa. Chikhalirecho mu 2009 boma la Bingu wa Mutharika lidapitikitsa m'dziko muno akuluakulu anayi akunja a makampani ogula fodya, powanena kuti ankagula pa mitengo yotsika kuposa imene boma lidaika. Kaya mudagwirizana nacho chigamulocho kaya ayi, chidatikumbutsa kuti mtengo sugwa kumwamba. Amautchula ndi munthu, ndipo naye akhoza kuuma khosi.

Chizolowezi ichi sichidamere chokha ngati bowa. Tidachiphunzira. Kamuzu Banda, mwana wa ku Kasungu konkuno, atabwera pa 6 Julaye 1958 adakanitsitsa Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Adamangidwa pa 3 Malichi 1959 n'kukatsekeredwa ku Gwelo, koma sadasinthe mawu, mpaka Chitaganyacho chidatha kumapeto kwa 1963. Kukana kumeneko ife tidakutcha ungwazi, ndipo tidalondola. Koma mu 1964 nduna zake monga Henry Chipembere, Kanyama Chiume ndi Orton Chirwa zitatsutsana naye, zidasanduka zigawenga. Kuyambira pamenepo tidaloweza nsanamira zinayi: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Mbadwo wanga udakula ukudziwa kuti kumvera ndi ukoma, kufunsa ndi mlandu. Kalaliki uja sadali chilombo. Adali mwana wa nthawi yake, amene m'mutu mwake mudali bokosi limodzi lokha loponyamo aliyense wonena kuti ayi. Kalata ya maepiskopi a Katolika ya pa 8 Malichi 1992 ndi riferendamu ya pa 14 Juni 1993 zidatibwezera ufulu wokana. Boma tidasintha, malamulo tidasintha, koma bokosi lija tidalisunga.

Ndisaloze anzanga okha chala. Nane ndidagwamo. Nditaphunzitsa zaka zingapo, mtsikana wina wa Fomu 3 adakana kulandira pepala lake la mayeso. Adaima patsogolo pa kalasi nati, "Pepani aphunzitsi, mwaphonya pophatikiza malikisi." Ndidamuuza kuti akakhale pansi. Adabwerezanso pempho lake, mwaulemu, manja ali kumbuyo. Anzake adayamba kuseka, ine magazi adathamanga. Pa lipoti lake la teremu imeneyo ndidalemba ndi dzanja langali liwu lomwe lija. Patchuthi, ndikusanja mapepala, ndidalipeza pepala lake lija n'kuphatikizanso. Mwana adalondola. Ndidakhala pansi manyazi atandigwira, pakuti ndidaona mzati wa chigafa uja ndi timizere take. Mwana wa tenanti ndidali nditasanduka kalaliki. Teremu yotsatira ndidapepesa pamaso pa kalasi yonse, koma lipoti lidali litafika kale kwa makolo ake, ndipo sindikayika kuti kunyumba adadzudzulidwa chifukwa cha kulondola kwake.

Tsono ndikudziwa zimene anzanga ena anene. Ati, "Achimwene, chiyankhulo chimayenda. Chingerezi cha ku Malawi ndi chathu. Ngati ife tagwirizana kuti 'stubborn' ndi mwana wamwano, ndani angatiletse?" Mfundoyi ndimailemekeza. Inde mawu amasamuka n'kusintha. Liwu lakuti kapitawo tidalitenga kwa Apwitikizi, kumene limanena mkulu wa asilikali kapena wa sitima ya pamadzi, ife n'kulipatsa ntchito yoyang'anira aganyu, ndipo palibe adafa nazo. Koma kusintha kwina kumalemeretsa chiyankhulo, kwina kumachisaukitsa. Kutenga mawu anayi n'kuwaphwanyira m'liwu limodzi si kulemera. Komanso kalata siyenda ndi mwini wake kuti akaimasulire. Lipoti la sukulu, kalata ya umboni wa ntchito, chigamulo cha komiti ya mwambo, zonsezi zimakawerengedwa ndi munthu amene sakukudziwani, mwina ku Lilongwe, mwina ku Johannesburg, ndipo iye adzamva liwulo monga lilili m'dikishonale: munthu wosamva zifukwa, wosaphunzitsika. Inu mumatanthauza kuti mnyamatayo ndi wolongolola pang'ono, koma mwamutayitsa ntchito.

Ena ati, "Kodi ukufuna kunena kuti aliuma kulibe?" Aliko, ndipo ndimadya nawo. Mlimi amene mlangizi wamufotokozera chaka ndi chaka kuti azule ziputu za fodya akatha kukolola chifukwa zimasunga tizilombo ndi matenda, iye waona ndi maso ake munda ukulowa pansi, koma akuti agogo ake sankazula, ameneyo ndi "stubborn". Mulembeni choncho, ine ndisayinira. Bambo amene wauzidwa kuipa kotulutsa mwana m'kalasi kuti akasoke fodya, wamva, koma akuchitabe, ameneyo ndi "stubborn", ndipo mwambi uja wakuti wosamva adamva nkhwangwa ili m'mutu ndi wake. Koma amene amabisa fodya woipa pakati pa belo si "stubborn" ayi, ameneyo ndi "dishonest", wachinyengo. Sindikupempha kuti liwuli lichotsedwe m'kamwa mwathu. Ndikupempha kuti lizigwera mwini wake.

Akuluakulu adati mlandu suwola. Mu Novembala 2019 dziko la America lidalamula kuti fodya wochokera ku Malawi azigwidwa pa madoko ake chifukwa cha nkhani zogwiritsa ntchito ana ndi kukakamiza anthu ntchito m'minda, ndipo makampani adayenera kupereka umboni wakuti fodya wawo ndi woyera kuti aloledwenso. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo idasintha lamulo la zantchito n'kuletsa utenanti. Patatha zaka 40 chilembedwere kalata ija, dziko lidavomereza kuti dongosolo limene sikelo, buku ndi mtengo zonse zili m'manja mwa munthu mmodzi ndi lokhota. Bambo adali atagona kale. Sindinena kuti lamulo lapapepala lafafaniza misozi yonse ya m'zigafa. Ndikungofunsa kuti: m'zaka zonsezo, ndi anthu angati adauona ukhotowo, nayankhula, n'kutsekedwa pakamwa ndi liwu limodzi la Chingerezi lolembedwa ndi munthu amene sadalimvetse?

Kwa inu alembi anzanga, aphunzitsi, atolankhani ndi makalaliki, pempho langa ndi lapafupi. Dzanja likamayabwa kuti mulembe "stubborn", yambani mwadzifunsa mafunso atatu. Kodi munthuyu wakana chiyani? Kodi adapatsidwa chifukwa chomveka, kapena adangolamulidwa? Kodi akadakhala wamkulu kuposa ine, ndikadalemba liwu lomweli? Ngati funso lachitatu lakuchititsani manyazi, sakani liwu lina. Ndipo likakusowani m'Chingerezi, bwererani kaye ku Chichewa mudzifunse ngati munthuyo ali waliuma, wamwano, wamakani kapena wolimba mtima. Mukapeza yankho m'chiyankhulo chimene mudayamwira, la Chingerezi silivuta kupeza. Munthu amene sadziwa chimene akufuna kunena m'Chichewa sangachinene bwino m'chiyankhulo china chilichonse.

Ife alembi timadandaula kuti anthu sawerenga, mabuku sagulidwa, ntchito yathu ilibe mphamvu. Ine ndidaona chiganizo chimodzi cha mawu asanu chikusamutsa banja lonse, mphasa pamutu, mapoto m'thumba. Mawu ali ndi mphamvu, abale, makamaka akalembedwa ndi munthu wokhala pampando ponena za munthu woimirira pakhomo. Funso lija Bambo adandifunsa pakhonde ndidalephera kuliyankha ndili mwana. Lero ndikuyankha, ngakhale mochedwa. Ayi Bambo, kuwerenga ndowa si makani. Inu simudali "stubborn". Mudali munthu wodziwa kuwerengera, pakati pa anthu amene sankafuna kuti muwerengere.